Mzere Umene Aliyense Anaulumpha

1. Pepala la pachitseko

Agogo ake a Dalia, a Natalio, anaikidwa m'manda Lolemba. Pofika Lachiwiri, pepala linali litamatidwa kale pachitseko cha chipinda chochezera m'nyumba yawo ya ku Villa Crespo.

Pepalalo linali ndi mizere makumi asanu ndi limodzi kudza itatu, mzere uliwonse gawo limodzi la Mishna, mabuku a malamulo a makolo a Chiyuda. Munthu akamwalira, abale ndi anansi amagawana magawowo. Aliyense amalemba dzina pamzere wake, amakaphunzira kwawo, ndipo pa tsiku la makumi atatu onse amasonkhana kutsekera pamodzi mabukuwo pokumbukira malemuyo. Mzere umodzi ukatsala, ntchito yonse ndiye kuti sinathe.

Amuna obwera kudzapepesa maliro ankalidziwa bwino pepala limeneli. Ankafika, kupereka moni kwa ofedwa amene anakhala pa timipando tatifupi, kenaka n'kuthamangira magawo aafupi ngati mabanzi otentha. Pofika masana mizere yambiri inali itadzaza.

Dalia, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, ankazungulira ndi thireyi ya tiyi. M'sunagoge wa kwawoko atsikana amaphunzira chimodzimodzi ndi anyamata, ndipo m'kalasi ya Chiheberi Dalia sankatsika pa nambala wani. Amalume ake, a Saúl, anamuona akudutsa.

"A Pulofesa athu si awa? Kusukulu oyamba pa Chiheberi, kuno oyamba pa matambula."

Anthu anaseka chapansipansi, poti panali pamaliro. Dalia anaika thireyi patebulo, natenga cholembera. Chakumunsi kwa pepala kunali mzere wopanda dzina, gawo lotchedwa Ziwiya. Miphika ndi makapu zingavute chiyani? Analemba dzina lake ndi zilembo zikuluzikulu.

Amuna aja anayang'anizana. Mkulu wina anatsokomola. A Saúl anati mwanayu ndi wolimba mtima, ndipo Dalia anayesa akumuyamikira. Safunsa anadya phula.

Lamlungu, masiku asanu ndi awiri okhuza maliro atakwana, ofedwa anadzuka pa timipando tija, nsalu zamaliro zophimba magalasi odziyang'anira zinachotsedwa, alendo anabalalika. Apo m'pamene Dalia anapita pa shelefu ya agogo ake. Mabuku a Mishna a zikuto zobiriwira amayenera kukhala asanu ndi limodzi. Analipo asanu. Lomaliza, momwe muli gawo la Ziwiya, panalibe, panangotsala mpata.

Analifufuza pa foni. Machaputala makumi atatu. Gawo lalitali kuposa onse. Anawerenga mzere woyamba katatu: mawu amodziamodzi ankawadziwa, koma chimene ankanena sanachimve. Masiku otsala anali makumi awiri ndi atatu.

2. Mawu a kukhitchini

Dalia anawapeza agogo ake aakazi, a Bobe Perla, akutsuka mbale zimene anansi anabweretseramo chakudya sabata yonseyo. Msuweni wake Tobías, mwana wa a Saúl, anali atakhala pa tebulo akumaliza makeke otsala. Iye anasankha gawo la machaputala atatu, ndipo anali atamaliza kale.

Atamva za machaputala makumi atatu, Tobías anaseka mpaka kutsamwa. Kenaka anapereka nzeru zake: Dalia angowerenga mawuwo mothamanga ngati wolengeza mpira pa wailesi, masana awiri basi. Adzamufunsa ndani? Anthu pa tsikulo amabwerera chakudya.

A Bobe Perla anatseka mpopi, napukuta manja.

"Iwe tsika pa tebulo, si mpando. Tsono mumve nonse awiri. Pepala lija si mayeso a kusukulu, palibe amene adzachonge. N'chifukwa chake lili lolemera. Agogo anu anagulitsa nsalu ku msika wa Once zaka makumi anayi. Wogula akayang'ana kumbali, iwo ankayeza mita yomweyo imene akanayeza iye akuyang'ana. Lero sangayang'ane. Ndiye muwadulire nsalu yoperewera?

"Dalia, njira zilipo ziwiri. Yoyamba, pita kwa amalume ako lero lino, ufufute dzina lako, gawolo aligawire anthu asanu. Akuseka, inde. Manyazi a tsiku limodzi sanaphepo munthu. Yachiwiri, upeze mphunzitsi. Sindikunena khamu la anthu m'holo, sindikunena foni yakoyo. Ndikunena munthu mmodzi wokhala nawe maso ndi maso, amene ukagwedeza mutu usanamve amakuona. Mabuku amenewa sanalembedwe kuti munthu aziwerenga yekha. Anayamba pakamwa kupita m'khutu, ndipo mpaka lero amafuna pakamwa ndi khutu. Njira yachitatu, ya Tobías, yonamiza munthu wakufa, m'nyumba muno mulibe."

Tobías anati iye amangocheza. Dalia anati dzina lake safufuta. Anafunsanso za buku losowa lija.

"Linapita kalekale," anatero a Bobe, natsegula mpopi mwamphamvu.

3. Masiku atatu otayika

Lolemba Dalia anadikira aphunzitsi ake a Chiheberi pakhomo la kalasi. Iwo sanazungulire: amaphunzitsa chilankhulo, malamulo a ziwiya sanawaphunzirepo, ndipo sangamutsogolere njira imene iwo sanayendemo.

Lachiwiri anayesa foni ija, ngakhale anachenjezedwa. Anapeza bambo wina wa dziko lakutali amene anajambula maphunziro a gawo lonse. Dalia anavala zomvera m'makutu m'basi, nawonjezera liwiro la mawu. Bamboyo ankayankhula za mauvuni, mitsuko, mabowo ndi zinthu zodetsedwa, osaima, osafunsika. Dalia anamvera machaputala anayi, napitirira siteji yake ndi misewu isanu ndi umodzi. Potsika, m'mutu munalibe kanthu.

Kunyumba sankakhazikika. Ankatsegula foni, kutseka, kupita pashelefu, kubwerera. Chakudya ankadya ataimirira. Podutsa pachitseko chija ankayang'ana kumbali.

Lachitatu anapita kwa a rabi, mtsogoleri wa sunagoge wawo. Anali munthu wachinyamata, wabwino mtima, koma wothamanga nthawi zonse. Anayankhula naye akutsika masitepe, jekete kudzanja, akupita kuchipatala kukaona wodwala. Anamufunsa pamene wafika.

"Chaputala chachinayi," anatero Dalia.

A rabi anati ndiye zikuyenda, angathe kumupatsa mphindi khumi ndi zisanu Lachinayi lililonse. Atafika pansi anaima, namuyang'anitsitsa. Anatulutsa kapepala m'thumba, nalembapo dzina ndi msewu.

"Mphindi zangazo sizingakuthandize. M'dera lino, anthu amene analilawa zenizeni gawo limeneli anali awiri. Mmodzi tinamuika sabata yatha. Wina ndi uyu. Koma uyambe wanena kunyumba."

Pakapepalapo panalembedwa kuti Lázaro Kaplún.

Madzulo a tsikulo a Saúl anabwera kudzadya ndi mayi awo, monga ankachitira chichitikire maliro. Dalia anatchula dzinalo. A Saúl anaika foloko pansi.

"Kaplún wa mapoto? Amene sanabwere ngakhale kumanda? Wa m'banja lino sapondako kumeneko. Ngati zakukanika, a Pulofesa, ungonena."

Dalia anati sizinamukanike. A Bobe Perla anatola mbale.

M'mawa mwake, Dalia akutuluka kupita kusukulu, a Bobe anamupatsa thumba. Munali poto wakale wophikira msuzi wa nkhuku wa pa Sabata, chogwirira chimodzi chikulendewera.

"Poweruka ukandikonzetsere. Wokonza amene ndimamukhulupirira ndi mmodzi yekha, ndipo msewu wake uli nawo m'thumba. Thamanga, wachedwa."

4. Mphika wadothi

Sitolo ya a Kaplún inali kanjira kopapatiza kuseri kwa msewu wa Corrientes. Mapoto, maketulo, masefa ndi madengu zinalendewera kudenga, moti munthu wamtali ankalowa chowerama. Mwini wake sankavutika nazo: anali nkhalamba yaifupi, ya makutu akuluakulu, yovala epuloni yachikopa.

Anatulutsa poto m'thumba, namutembenuza.

"Poto wa Perla uyu. Chogwirira chinachi ndinachikhoma ndine. Ndiwe mwana wa ndani?"

Dalia anafotokoza zonse mothamanga, ngati akuopa kuti amudula: maliro, pepala, tsiku la makumi atatu, a rabi. Anati sakufuna zambiri, kungomuthandiza apo ndi apo, poti wafika kale chaputala chachinayi.

"Chachinayi," anatero a Kaplún. "Chabwino."

Anakwera pa kampando, natsitsa mphika wadothi, nauika pakauntala. Anati ayerekeze buluzi wakufa, chinthu chodetsa pa malamulo a makolo. Koyamba wakhudza mphikawo kunja. Kachiwiri walendewera pa ulusi m'kati mwa mphika, osakhudza paliponse. Mphika wadetsedwa liti?

Dalia sanazengereze. Anati koyamba, poti ndi pamene wakhudza. Anayankha ndi mawu a kukalasi aja, okweza, otsimikiza.

A Kaplún anabweza mphika pamalo pake.

"Poto wa agogo ako udzatenge Lolemba. Upite bwino."

Anatenga hamala, nayamba kugogoda ketulo ya munthu wina.

Dalia anapezeka ali panja. Anayenda mpaka pasiteji. Foni inalira: unali uthenga wa Tobías, akufunsa ngati a Pulofesa akufuna awabwereke liwiro lake la pa wailesi. Masana awiri basi, analembanso, ndipo palibe adzadziwe.

Basi ya kwawo inafika. Chitseko chinatseguka. Mayi wina kumbuyo anamufunsa ngati akukwera kapena akulondera siteji. Dalia anapatuka, mayiyo anakwera, basi inapita.

Anabwerera m'kanjira kaja. Anagunda mutu pa sefa polowa. A Kaplún sanadzutse maso.

"Ndinanama," anatero Dalia. "Sindinamve ngakhale mzere umodzi. Ndinalemba dzina chifukwa amalume anandiseka, ndipo ndinkayesa ndi nkhani ya makapu. Yankho la mphika ndinangoponya. Sindikudziwa."

Hamala inaleka kulira.

"Nenanso mawu omalizawo."

"Sindikudziwa."

"Khala apo. Chotsa kaye mbalezo."

Anathira tiyi m'matambula awiri, naponyamo ndimu, nakhala moyang'anana naye.

"Tamvera, mdzukulu wa Natalio. Pakhomo pano pabwera ophunzira ambiri, anzeru kuposa iwe, ndipo ambiri ndinawabweza. Wodziwa kale ine ndilibe naye ntchito. Munthu akandibweretsera ketulo n'kunena kuti siikudontha, ndiikonza pati? Iwe wazungulira masiku atatu kufuna mphunzitsi ngati ukufuna takisi, aliyense amene angaime. Mphunzitsi sapezeka choncho. Umasankha mmodzi, n'kukhala pansi, n'kumulola aone pamene pali pobooka. Ukamunamiza kamodzi, amamanga chaputala chachisanu pamwamba pa zinayi zimene kulibe, ndipo zonse zimakugwera pa tsiku la anthu.

"Ndipo usaganize kuti gawoli amalilumpha chifukwa cha kutalika kokha. Amalilumpha chifukwa manja awo sanagwirepo zinthuzi. Anthu amene anakambirana malamulowa ankadziwa uvuni, ankadziwa dengu la mlimi ndi botolo la mafuta. Wophunzira wa masiku ano amadziwa dzina la chinthu, chinthucho sanachionepo. Pano chilichonse chimene tiwerenge uchigwira ndi manja."

Anatsitsanso mphika uja, naugwiritsa Dalia. Anamuuza kuti chiwiya chadothi sichidetsedwa ndi chokhudza kunja. Chimadetsedwa ndi cholowa m'kati, ngakhale chitangolendewera m'mpata osakhudza. Chachitsulo n'china: chikakhudzidwa paliponse, chadetsedwa.

Maso a Dalia anawala. Anayamba kunena kuti ndiye kuti munthunso...

"Ayi, ayi. Usandilalikire. Mphika ndi mphika. Uyambe wadziwa mphika."

5. Buku la chikuto chobiriwira

A Kaplún anawerenga masiku pa zala: khumi ndi asanu ndi anayi, machaputala makumi atatu. Anati salonjeza kuti amaliza. Dalia azifika sikisi koloko m'mawa, sitolo isanatsegulidwe, ndi kubweranso poweruka kusukulu. Pa Sabata aziphunzira masana kunyumba kwa a Kaplún, kumene mlongo wawo Fanny adzamudyetsa mpaka kudandaula. Foni izikhala m'ketulo ya pashelefu, chivundikiro chotseka. Akapanda kumva, anene nthawi yomweyo, ngakhale kakhumi pa mzere umodzi.

"Chomaliza. Saúl akudziwa kuti uli kuno?"

Dalia anati analetsa.

"Ndiye umuuze wekha, lero. Ine sindiphunzitsa mobisa ngati wogulitsa katundu wakuba. Ukapanda kumuuza, mawa usabwere."

Anatsuka m'manja, nalowa kuseri kwa katani. Anatuluka ndi buku lokulungidwa m'nsalu yoyera. Atalimasula, Dalia anaimirira. Chikuto chinali chobiriwira, kukula kwake kofanana ndi mpata wa pashelefu ya kwawo. Patsamba loyamba panali dzina la agogo ake a Natalio.

M'mphepete mwa masamba munali zolemba za anthu awiri, wina wa inki, wina wa pensulo. Wa inki ankafunsa, wa pensulo ankatsutsa. Penapake panajambulidwa kauvuni, penapake dengu. Dalia anawadziwa malembedwe a inkiwo: ndi omwe ankakhala pa makadi ake a tsiku lobadwa. Anatsegula masamba mwachangu. Zolembazo zinapitirira mpaka chaputala cha khumi ndi chisanu ndi chiwiri. Pamenepo panali tikiti yakale ya basi, ndipo kuchokera apo masamba onse anali oyera.

"Zaka khumi ndi ziwiri tinkakhala pa kauntala yomweyi m'mawa uliwonse, ine ndi Natalio," anatero a Kaplún. "Tinamaliza mabuku asanu. Ili tinaimira apa."

"Chifukwa chiyani?"

"Ife tili pa chaputala choyamba. Tsegula. Werenga mokweza, ndine wogontha khutu limodzi."

Anawerenga. Pa mzere woyamba anaima kanayi kunena kuti sakumva, ndipo kachinayiko sikanamuwawe ngati koyamba. Wogula wina analowa kufuna sefa ya tiyi, a Kaplún anamuuza asankhe yekha. Pamene dzuwa linkachoka pa zenera la sitolo anali atamaliza theka la chaputala. Theka lokha. Koma Dalia anatha kulibwereza lonse buku lili chotseka.

A Kaplún anakhoma chogwirira cha poto uja ndi misomali iwiri, ntchito ya mphindi zitatu, namupatsa. Za Lolemba zija anangonena pofuna kumuthamangitsa.

Dalia anafika kunyumba nthawi ya chakudya itayandikira. A Saúl anali ataima pachitseko cha chipinda chochezera, cholembera m'manja, akuika chizindikiro pa mayina a amene anamaliza kale. Mizere yambiri inali nacho. Anatembenuka, naona thumba, naona chogwirira chonyezimira chikusuzumira pamwamba.

Dalia akanatha kupitirira kukhitchini. Njira inali yotseguka. Anaima.

"Poto ameneyo wakonzetsa kuti?" anafunsa a Saúl.

"Kwa aphunzitsi anga, amalume. A Kaplún. Ndayamba lero, ndipo mawa sikisi koloko ndibwererako. A rabi ndinawauza kuti ndafika chaputala chachinayi, koma ndinanama. Ndili pa theka la choyamba."

Kukhitchini mpopi unatsekedwa. A Bobe Perla anatulukira pakhomo, manja akudontha madzi. Analandira poto, nayesa chogwirira, nati chalimba.

A Saúl sanakalipe. Anavundikira cholembera chawo pang'onopang'ono, nachiika m'thumba la malaya. Sanamuyang'anenso Dalia. Anayang'ana mayi awo.

"Mayi, mwamutuma ndinu. Ndiye zimene munthu uja anawachita bambo, mumuuza ndinu, kapena ndimuuze ine?"